Mboni Yanga ya ku Troyeville

Ndinkagwira ntchito yoperekera zakudya pa njinga yamoto, monga amachitira anyamata ambiri akwathu muno mu Joni. Munthu akaitanitsa chakudya pafoni, ine ndinkakachitenga kumalo odyera n'kukamupatsira pageti. Njingayo inali yangayanga. Achemwali anga, omwe ndi namwino ndipo ndi amene anandiitana kuno, anandiumiriza kuti ndiziilipirira inshuwalansi. Ndinkalipira monyinyirika.

Ngozi inachitika masana dzuwa likuswa mtengo, pamphambano ina ku Troyeville. Magetsi anali atazima, maloboti osagwira ntchito, ndiye aliyense ankaima kaye n'kumadutsa mopatsana mpata. Ndinaima, mpata wanga utakwana ndinalowa. Pikapu yoyera inangotulukira kumanzere osaima. Ndinapezeka ndili chagada pamsewu, mwendo utapindika moopsa, mpunga wa kasitomala uli mbwee paphula.

"Mayo ine!" ndinakuwa.

"Musadzuke achimwene, gonani choncho," anatero mawu ena m'Chichewa chomveka Chiyao.

Anali bambo wachikulire wovala kachisoti koyera, tepi yoyezera zovala ili m'khosi. Anali telala, ndipo makina ake ankakhala pakhonde la sitolo ya pakona pomwepo. Anandigwira mutu kuti ndisagwedezeke, n'kuletsa anthu omwe ankafuna kundivula chipewa cha panjinga. Anakhala nane mpaka ambulansi inafika.

Ndinatuluka m'chipatala mwendo uli m'chikhakha, ndikuyendera ndodo. Achemwali ananditengera kwawo ku Yeoville, ndipo ntchito yolondola za inshuwalansi inayambira pampando wa pabalaza pawo. Ankafuna nambala ya mlandu ya kupolisi, lipoti la dokotala, zithunzi za njinga, laisensi yanga. Achemwali ankati akaweruka, asanavule n'komwe yunifolomu, ankakhala pansi n'kumajambula mapepala ndi foni, kutumiza. China chikasowa ankachiyendera okha pa tsiku lawo lopuma.

Kenako mayi wa ku inshuwalansi anaimba foni. Anali munthu waulemu ndithu, koma uthenga wake sunali wabwino. Mwini pikapu uja anali atanena kuti ine ndi amene ndinalowa osaima, ndikuyang'ana pafoni, ndipo ankafuna kuti mbali yathu imukonzere galimoto.

"Panopa pali mawu anu ndi mawu ake basi," anatero mayiyo. "Kodi palibe amene anaona?"

Ndinakumbuka telala uja. Tsiku lotsatira tinakwera takisi ndi achemwali kupita ku Troyeville. Tinamupeza akupinda thalauza la sukulu. Atandiona anaimitsa makina, n'kundipatsa mpando wake.

"Mwadzuka bwanji abambo?"

"Tadzuka, kaya inu? Mwendo uli bwanji?"

Tinacheza pang'ono. Anati kwawo ndi ku Mangochi, ndipo muno anabwera kalekale. Njinga yanga anali ataikokera kuseri kwa sitolo apolisi atachoka, kuopa kuti ingaphwasulidwe, mpaka achemwali anatumiza anthu odzaitenga. Nditamufotokozera zomwe tinabwerera, anavomereza kuti anaona zonse.

"Inu munaima. Mnzanuyo sanaponde n'komwe buleki."

"Ndiye akufuna kuti mawu amenewa mukawanene kupolisi, abambo, molumbira," anatero achemwali. "Mukatenge ndi pasipoti."

Bamboyo anayamba kupukuta makina ndi kansalu pomwe panalibe fumbi. Kenako analankhula motsitsa mawu.

"Amayi, mapepala anga anatha. Ine ndikaona galimoto ya apolisi ndimalowa m'sitolomu. Lero ndikadzipereke ndekha?"

Tonse tikudziwa anthu omwe anatengedwa pamsewu ali ndi zovala za m'thupi zokha, n'kudzamveka ali kumudzi. Ndinamuuza kuti asadandaule, zomwe anandichitira tsiku lija zinali zokwana. Ndinanena zimenezi ndi mtima wonse, ngakhale pobwerera m'takisi misozi inalengeza. Njinga ija ndiyo inali munda wanga.

Lachisanu la sabata yomweyo, chakumasana, foni inalira. Anali telala uja, yemwe tinamusiyira nambala.

"Achimwene, ndatuluka mu mzikiti. Ndili pageti la polisi. Bwerani, ine Chingerezi chimandivuta."

Ndinamupeza ataima pamthunzi, atavala mkanjo woyera, m'manja muli kajumbo. M'kajumbomo munali pasipoti, mswachi ndi juzi. Anali atakonzekera kuti mwina sabwerera kunyumba.

"Abambo, musadziike m'mavuto chifukwa cha ine," ndinatero. "Tiyeni tibwerere."

"Ndakhala osagona bwino chichokereni inu," anayankha. "Munthu akunamiziridwa, ine ndinaona ndi maso angawa. Ndikakhala chete, Mulungu ndidzamuuza chiyani? Tiyeni."

Tinalowa. Pakauntala panali wapolisi wamkazi. Anatenga pasipoti ija, anaitsegula, anayang'ana chithunzi, n'kuyang'ana nkhope ya mwini wake. Ine ndinkangodikira kuti atembenuze masamba. Analemba dzina ndi nambala, n'kuibweza.

"Khuluma, baba," anatero, kumuuza kuti alankhule.

Bambo uja anafotokoza pang'onopang'ono, ine ndikumasulira, osawonjezera kapena kuchotsa. Atafunsidwa ngati ndinali pafoni, anati foni inali pachogwirira chake pa njinga, manja anga onse ali pa handulo. Anasaina, chidindo chinamenyedwa. Ngati wapolisiyo anaona zoti pemiti yake yokhalira muno inatha n'kungozisiya, kapena sanaone, sindikudziwa mpaka lero.

Tinatuluka panja. Tinakhala pakampanda, iye n'kuyamba kuseka yekha.

"Juzi ndanyamula pachabe," anatero.

Zinatengabe miyezi. Panali kuimba mafoni, kudikira, munthu wodzayeza kuwonongeka kwa njinga, kudikiranso. Koma umboni uja utafika, nkhani yoti ndine wolakwa inatha. Anati njinga siingakonzedwenso, ndipo anandilipira. Mwendo utalimba ndinagula ina yogwirapo kale ntchito.

Ulendo woyamba pa njinga yatsopanoyo unali wa ku Troyeville. Ndinanyamula envulopu ya ndalama, koma bamboyo anaikana asanaigwire n'komwe. Anati choonadi sagulitsa. Ndinaumirira kuti pakhale china chomwe ndingamuchitire. Anaganiza kaye, kenako anati maondo ayamba kumuvuta, ndipo ulendo wokagula nsalu ndi ulusi m'tauni umamulemera.

Kuyambira pamenepo, akafuna katundu amandiimbira. Ndimamutengera pakati pa maoda anga, ndipo ndikafika sandilola kuchoka ndisanamwe tiyi. Mwezi wa Ramadani, pomwe iye sakumwa, amanditumizirabe kapu kuchokera m'sitolomo, n'kumandiyang'anira mpaka nditamaliza.