Ankasita Nsalu za Paguwa Atakhala Pansi

Mwezi watha tinaika m'manda mayi amene ambirife tinkawatcha Achigonere. Dzinali silinali laubatizo. Tinawapatsa ndife, ndipo tsopano komiti ya tchalitchi yandipempha kuti ndilembe mbiri yawo mwaulemu.

Anali oyamba kubadwa mwa ana asanu ndi awiri, mwana wosadziwa kukana. Mng'ono wawo akuti mayiwa akasesa chipinda ankabwerezanso, poti pakona patsala fumbi loti ankaliona okha. Atakula anakhala telala. Msoko ukakhota pang'ono, ankaumasula wonse n'kuyambiranso. Kutchalitchi ankachapa ndi kusita nsalu za paguwa, kuimba kwaya, kuyendera odwala. Masiku amenewo tinkawakonda zedi, monga timakondera aliyense wotisenzera katundu.

Ali ndi zaka makumi anayi anadwala chimfine. Chimfinecho chinatha, kutopa kunatsala. Akasita nsalu ziwiri ankagona masiku atatu, miyendo ili lefuu. Kuchipatala anawayeza magazi kangapo osapeza kanthu, mpaka dokotala wina anati ndi matenda a kutopa kosatha. Ifeyo, osapita kusukulu ya udokotala, tinali titawapeza kale matendawo: ulesi.

"Dzulo ndinawaona akuseka pakhonde," anatero apampando pamsonkhano wa komiti. "Wodwala amaseka?" Ine ndinali mlembi. Funsolo ndinalilemba mwaluso.

Tinagamula kuti abweze kiyi wa kabati ya nsalu, apo ayi asite zonse khumi ndi ziwiri Loweruka limodzi ngati kale. Wina akanangoponya kiyiyo patebulo. Iwo, poti kutchedwa waulesi kunkawapweteka kuposa msana, anasita zonse, mopanda khwinya ndi limodzi lomwe. Anagona miyezi iwiri, mng'ono wawo akuwatembenuza pabedi. Apampando anati, "Mwaona? Akafuna amatha."

Atadzuka anaphunzira kukana, ntchito imene inawavuta kuposa usoki. Kwaya anasiya. Kiyi sanabweze. Ankasita nsalu imodzi patsiku, atakhala pampando, kwa zaka makumi atatu. Ankakonda kunena kuti, "Ambuye amandipatsa mphamvu za lero, za mawa amasunga okha." Lilime lokha ndilo silinatope. Tsiku lina nditawauza kuti akuoneka bwino, anayankha, "Inunso mukuoneka anzeru, alembi."

Anamwalira masana, mwakachetechete, pampando wawo, kolona ili m'manja. Apampando, okalamba tsopano koma akadali apampando, anafika pamaliro n'kukokera mng'ono wawo pambali.

"Mayi, ndiye kuti malemuwa ankadwaladi?"

"Ayi, bambo, akunamizira. Khalani pompo mudikire, adzuka."

Chitsanzo cha mayiwa ndi chachikulu: anatumikira anthu osawakhulupirira, ndipo sanasiye kupemphera nawo pabenchi limodzi. Ambuye awalandire osawafunsa kalata ya dokotala. Ife tinaifunsa kanayi.