Nkhuku Yanga ndi Timipira ta Njinga ya Alamu

"Iwe, wabodza ngati iwe ungatsegule pakamwa kunena amuna anga?"

Anatero achemwali anga Esinati dzulo, nditangonena kuti alamu anafuna kundidyera nkhuku mwachinyengo. Nde poti mayeso a fomu folo ndalemba ndipo chochita ndilibe, ndiikamba pano, muweruze nokha.

Ndinali sitandade folo, tikukhala kumalayini a esiteti, bambo ali kapitawo wa othyola tiyi. Loweruka lina, chiperoni chitangosiya, fungo la tiyi wa kufakitale lili ponseponse, anatulukira a Kondwani, kalaliki wochokera ku Kasungu amene ankafunsira achemwali. Njinga yawo aise! Matayala owonda ngati chala changa, mahandulo opindika ngati nyanga za nkhosa, kaliyala palibe. Ana a malayini onse anabwera, mwina sauzande. Amayi anangoiyang'ana n'kufunsa chapansipansi kuti thumba la chimanga azidzanyamulira pati.

Koma njingayo inkadwala khosi. Ukagwira buleki imati gwede gwede, ukakhotetsa handulo imakakamira. A Kondwani, pofuna kuti achemwali aone kuti manja awo sadziwa bolopeni yokha, anati aikonzera pakhonde pathu pompo. Anamasula naiti ndi sipanala, anachotsa handulo, n'kusolola foloko. Mkati munali timipira tachitsulo, tomwe timapangitsa handulo kuzungulira bwino, titamatidwa ndi girizi wakuda bii. Anatitsuka ndi palafini pachivindikiro cha poto, tinayamba kung'anima.

Ine ndinatisirira. Mu legeni yanga ndinkaponyera miyala ya makona, yopita kumene yafuna yokha. Ndi timipira timeneti ndikanagwetsa njiwa ili ku Masambanjati ndili pakhomo pathu. Alamu atatembenuka kumwetulira achemwali, ndinatola titatu n'kutiponya m'kamwa. Palafini ndi wowawa, anzanga.

Atawerenga anati tasowa titatu, maso onse pa ine. Ndikulankhula ngati wodwala dzino, ndinati nkhuku yameza. Ndinkaganiza za tambala wathu wankhanza amene ankandijompha zidendene. Koma achemwali analoza Nabanda, thadzi langa lomwe ndinalilera kuyambira lili kamwanapiye, limene nthawiyo linkapalasa pafupi ndi chivindikirocho.

"Palibe vuto," anatero amayi. "Mlendo timafuna kumuphera nkhuku kale. Titsegula nthutumba, tizipeza zitsulo zanuzo. Esinati, tereka madzi."

A Kondwani anangogwira tsaya n'kuti, "Eee, pepani mayi." Basi. Mawu ena sanawonjezere. Mukumbukire zimenezo oweruza.

Nabanda anagwidwa. Amayi anaponda mapiko, anaponda miyendo, anayamba kusosola nthenga za pakhosi, mpeni uli pambali. Nabanda anandiyang'ana ndi diso limodzi, ndipo ndikulumbira linatuluka msozi. Ndinayeza m'mutu: njiwa za dziko lonse mbali iyi, Nabanda mbali iyo, pakati chikwapu. Mpeni utangokwera m'mwamba ndinakuwa kuti, "Amayi dikirani!" Pokuwapo timipira tiwiri tinagwa pansi. Kachitatu ndinakamva kakutsika kukhosi, kozizira, mpaka m'mimba ngwe.

"Kachitatu kali kuti?" anafunsa amayi.

"Ndameza."

"Nde titsegule nthutumba yako?"

Kamtengo ka tiyi kodulidwa kumene sikathyoka, dziwani. Ndinakwapulidwa mpaka alonda a kufakitale anamva, ena amati ndi sailini ya nkhomaliro. Nabanda anathawira m'munda wa tiyi khosi lili mbee, wamoyo.

Ndikusisita kumbuyo, misozi ili mbwembwembwe, ndinaona a Kondwani akupisa m'thumba la malaya. Anatulutsa kapepala ka pulasitiki kodzaza timipira tatsopano! Anapaka girizi woyera m'timbale ta khosi la njinga, pansi ndi pamwamba, anandandalika timipirato kamodzikamodzi, anabwezera foloko, n'kumanga naiti pang'onopang'ono mpaka gwede gwede anatha. Handulo inkazungulira ngakhale utangoipumira.

"Takaleto tinatha kale," anatero. "Ndimawerenga kuti ndidziwe toikamo tingati. Tenga mphwanga, ukaphere mbalame."

Madzi anali atawira, nde tambala uja ndi amene analowa m'poto. Nthutumba anadya alamu. Mpaka lero ndikawafunsa amati palibe anawafunsa ngati ali ndi tina.

Pano ali ndi njinga ina, timipira take timabwera totsekeredwa m'karing'i, umangochotsa kakale n'kuvalika katsopano. Palibe chogwa pansi, palibe choti mwana abe. Mwana wawo Tadala legeni saidziwa n'komwe, mbalame amaphera pafoni ya amake. Amandimvetsa chisoni mwanayo, akukula osalawako palafini.

Nditangoiponya nkhaniyi, Yamikani, mnzanga wa nyumba yoyandikana ndi yathu kumalayini kuja, wayankha kuti: "Wasiya dala mbali ina. Sabata yonse amako ankakutuma kuseri kwa nthochi, iwe n'kumafufuza ndi kamtengo. Kanapezeka, kapena tikuyese ndi maginito?"