Zingwe za pa Bedi la Bambo Anu

Ambuye atamandike, ana anga. Lero bambo anu alima mizere khumi osagwira msana!

Ndakumbuka nthawi ya chipani chimodzi, msana utawavuta ponyamula matabwa ku Chikangawa. Kuchipatala anawagoneka milungu itatu, miyendo yomanga ndi zingwe, matumba a mchenga akulendewera kuti awakoke msanawo. Agogo anu atafika kuchokera ku Edingeni anayesa kuti mwana wawo wamangidwa. Anamasula khadi la chipani pa mpango, nagwadira nesi: "Ndapota, mumasuleni, khadi ali nalo!"

Bambo anu sanadandaule, ankangoimba masalimo.

Akuti madokotala a lero amakayikira zokokazi. Inu mukuti unali mchenga kapena pemphero? Ine ndawaona ataima chilili m'munda.

Amene anawongola msana wa bambo anu awongolenso njira zanu.