Kompyuta ndi Alangizi Osadziwa Kukana

Ntchito inandipititsa ku Mwanza chaka chimene mitengo ya manachesi inayamba kuyoyoka masamba. Kabungwe kathu kankafufuza chomwe chikuidwalitsa. Ofesi inali chipinda chimodzi pa boma, ndipo tinalimo awiri: ine wa pakompyuta, ndi alangizi, bambo wachikulire amene anapuma ntchito ya zaulimi. Iwo ankakwera kabaza kukayendera minda ku Thambani, kuwerenga mitengo yodwala ndi zipatso zake. Akabwerako ankalowetsa zonsezo m'kompyuta.

Pulogalamu yosungira zimenezi ndinalemba ndekha, ndipo ndinkadzimva nayo kwabasi. Inalibe zithunzi kapena mabatani, umangolemba lamulo pa sikirini yakuda bii. Ndinaitcha nachesi, n'kuipatsa nthambi zake: nachesi lowetsa, nachesi onetsa, nachesi tumiza ndi nachesi fufuta. Ukafuna munda umodzi wokha, umawonjezera timizere tiwiri, mawu akuti munda, kenako nambala yake. Ukaiwala, lamulolo linkagwira minda yonse. Pa fufuta ndinaikapo funso, monga amachitira aliyense wolemba mapulogalamu: “Mukutsimikiza? eya/ayi.”

Chimene sindinachiganizire n'chakuti alangizi aja mawu akuti ayi analibe. Analeredwa kuti munthu akakufunsa mwaulemu, usamugwiritse mwala. Ku Thambani ankadya pakhomo lililonse, n'kubwerako akupumira m'mwamba. Tsiku lina anafika ku ofesi atakupatira bakha, poti mwini wake anawafunsa ngati amakonda abakha. Tiyi amene ndinkawapatsa m'mawa uliwonse ankamulandira ndi manja awiri.

Ndiye tsiku lina anafuna kuchotsa munda umene anaulowetsa kawiri, koma timizere tija anatiiwala.

“Achemwali,” anandiitana motsitsa mawu, “zinthu zija zalowera kuti?”

Minda yonse ya ku Thambani inali itasowa. Manachesi anali atathyoledwa kale, atakwera malole kupita ku Blantyre, moti kukawerenganso kunali kosatheka.

“Koma bambo, inakufunsanitu! Simunawerenge?”

“Ndinawerenga. Ndinakayikanso pang'ono. Koma inafunsa bwinobwino, ndiye ndikanaikanira bwanji?”

Ndinapsa mtima mpaka kutuluka panja kukakalipira bakha uja. Mwamwayi, zonse ndinali nditazikopera mu fulashi dzulo lake, ndipo nkhaniyo ikanathera pomwepo. Koma masana abwana athu anaimba foni kuchokera ku Blantyre n'kufunsa kuti, “Pali vuto lililonse kumeneko?” Alangizi anati eya.

Abwana anagamula kuti zikadzachitikanso, alangizi anyamule chipewa chawo, kabungwe kalembe wina wodziwa kompyuta. Zinandipweteka. Bamboyu ndinkawakonda, ndipo chimwalirireni akazi awo, ntchito imeneyi ndi imene inkawadzutsa m'mawa.

Ndinayamba kukonza. Ndinapanga kuti fufuta azifunsa mobwerezabwereza, n'kuwayesa pa minda yabodza. Anayankha eya paliponse, komaliza n'kuwonjezera zikomo. Ndinalemba funsolo ndi zilembo zikuluzikulu. Anati kompyuta yakwiya, ndipo anavomera mwachangu kuposa kale kuti mtima wake ukhale pansi. Ndinawaphunzitsa ngati kwaya: “Nenani ayi, bambo.” Anati, “Eya, ndinena.”

Pamenepo ndinaona kuti munthuyu sindingamusinthe, koma pulogalamu ndi yanga. Poyamba ndinapanga kuti fufuta asamagwire ntchito popanda nambala ya munda. Kenako ndinatembenuza funso lija kuti lizitchula mundawo n'kufunsa kuti: “Ndiusiye usafufutidwe? eya/ayi.” Kuyambira tsiku limenelo ulemu wa alangizi unasanduka mlonda wathu. Chilichonse akafuna kuchotsa, ankachisiya mwaulemu, ine n'kudzachotsa pambuyo.

Zinayenda choncho mpaka pamene mayi wina wamasiye wa ku Thambani anamva pamsika kuti anthu owerenga mitengo amadzalanda minda. Tulo tinamuthawa. Anapempha alangizi kuti munda wake uchotsedwe m'makina athu, ndipo yankho lawo mukulidziwa kale.

“Bweretsani ndichotse,” ndinatero.

“Achemwali, ndinalonjeza ndi pakamwa pangapa. Ndikakakumana nawo, ndikanene kuti ndachotsa ine.”

Akanaphonya nambala n'kufufuta munda wa wina, abwana akanaimba foni, ndipo alangizi akanati eya. Anakhala pampando, n'kulemba ndi chala chimodzi, akuyang'ana chilembo chilichonse ngati akusankha mbewu. Funso linabwera, litatchula munda wa mayi uja. Chala chinapita chokha pa e wa eya. Chinaima m'malere. Anavula chipewa, n'kuchiika pabondo.

“Pepani kwambiri,” anaiuza kompyutayo. “Si chipongwe, koma kuli mayi kumudziku sakugona.”

Ndipo analemba ayi.

Ndinalemba nachesi onetsa. Minda yonse inalipo, kupatula umodzi uja. Ndinaomba m'manja ngati ndili paukwati, misozi ikulengeza. Alangizi ankangoyang'ana chala chawo ngati chobwereka kwa munthu wina.

M'mawa mwake ndinawapititsira tiyi monga mwa masiku onse. Anayang'ana kapu, n'kuyang'ana ine.

“Ayi, achemwali. Tiyi wanuyu amachuluka shuga. Ndakhala ndikuvutika naye chibwerereni inu kuno.”

Ndinaima pomwepo kapu ili m'manja, ndikuganiza za makapu onse aja amene anawalandira ndi manja awiri.

“Komanso,” anapitiriza mwaulemu, “bakha uja wanditopetsa. Kodi inu simungamutenge?”

Ndinkakhala m'nyumba ya lendi yopanda bwalo, ndipo abakha ndimadana nawo kuyambira ndili mwana. Koma bamboyo anafunsa bwinobwino. Ndinangomva pakamwa panga pakuti eya.