Mano a Anselme

Pa Corossol, pachilumba chathu cha Saint-Barthélemy, panalibe munthu wonyada ngati a Théophane, msodzi amene nsomba zinawakana kalekale. Chuma chawo chinali pakamwa. Ankayankhula Chifalansa chakale cha makolo athu, chija ana amachiseka, ndipo chaka chilichonse Madame Vauquelin a ku yunivesite ina ya ku France ankabwera kudzawajambula mawu. Tsiku limenelo ankavala chipewa chatsopano n'kumatidutsa ngati sakutidziwa. Zinkandinyansa, ndisaname.

Koma ofufuza zinenero ali ndi lamulo lawo: wojambulidwa akhale ndi mano, apo ayi mawu amatuluka ophwanyika. A Théophane mano atawathera, mphekesera inamveka yoti Madame asankha munthu wina. Mantha anawagwira. Anathamangira kwa a Anselme, mwamuna wa mlongo wawo, amene anali ndi mano oikirira.

"Alamu, ndibwerekeniko mano, mawa lokha."

"Nanga ine nditafunira chiyani, mphuno?"

"Mumwa msuzi. Inu mano mumangotukwanira anthu basi."

Manowo anali aakulu, moti a Théophane akati ayankhule, likhweru linkatuluka lokha. Madame anadumpha pampando. Anati kamvekedwe kotero sanakamvepo m'Chifalansa cha dera lililonse, ndipo anakalemba nkhani yaitali. Kuyambira pamenepo ankabwera ndi ophunzira omwe, ndipo a Théophane ankabwereka mano aja chaka chilichonse. Iwo ali kalikiliki kujambula likhweru, a Anselme ankakhala pakhonde kumwa msuzi, akutukwana ndi nkhama zokhazokha.

Chaka chatha a Anselme anatisiya. A Théophane anayesa kunong'oneza mlongo wawo za mano aja, koma mayiyo anakaniratu.

"Achimwene, musayerekeze! Mwamuna wanga akaseka ndi chiyani kumwambako?"

Madame atabweranso, anayatsa makina awo, n'kudikira. Likhweru osatuluka. Anawabwerezetsa a Théophane mawu omwewo mpaka thukuta, koma ayi ndithu.

"Bambo Théophane, kamvekedwe kaja kapita kuti? Kapena katha m'mudzi muno?"

Tonse tinali pawindo kudikira bodza lokoma. Koma a Théophane anavula chipewa chija, misozi ili chuchuchu.

"Katha, Madame. Tinakaika m'manda limodzi ndi mwini wake. Zimitsani makinawo, ndikuuzeni za alamu anga."

Anayankhula mpaka dzuwa kupendeka, mawu ophwanyikaphwanyika, ndipo pawindo paja palibe anachoka.