Virigula pa pauta

Lachitatu, 12 Novembala

Ndinadzuka ndi mtima wonyada. Lero ndi tsiku lokhoma pauta, pepala la zotsatira za mayeso, ndipo pulogalamu yoisindikiza ndinaikonza ndine.

Anailemba kale ndi aporofesa, aphunzitsi athu a kompyuta. Inkatenga dzina la wophunzira ndi nota yake, malikisi amene wapeza pa 20, n'kuziika pamzere umodzi. Koma inali yaulesi: 9,6 inkangolemba 10, 13,2 inkalemba 13. Ine ndinaona kuti limeneli ndi bodza. Ndinalimbana nayo masabata awiri, masiku ambiri m'kope, chifukwa kompyuta yoyaka ndi imodzi yokha kalasi yonse. Ndinawonjezera lamulo loti ukalemba mawu akuti virigula m'timipanda mmene mumalowa nota, nambala izituluka mmene ilili, ndi virigula yathu, kachizindikiro kapakati pa 9,6 kaja, osati kadontho ka Angerezi. Aporofesa anati, "Mwana iwe udzafika ku Maputo." Adiretori, akulu a sukulu yathu, anauza sukulu yonse pa mbendera kuti tsopano talowa m'nthawi ya sayansi.

Sayansiyo aikhoma pakhoma m'mawa. Anzanga ambiri amene chaka chonse ankakhoza ndi 10, nota yochepetsetsa yokhozera, apezeka ali ndi 9,5 kapena 9,7.

Mnzanga wa padesiki ali ndi 9,6 pa masamu. Bambo ake anamuuza kale kuti akadzaona nambala yosafika 10, sukulu yathera pompo, azipita ku Chimbonila kukalima mbatatesi. Akubwera Lachisanu kudzawerenga okha.

"Amayi a sayansi," mnzangayo anandiitana pa nthawi yopuma, "anakutumani ndani kuti muphunzitse makina kunena zoona?"

"Koma achemwali, lamulo la sukulu limati 9,5 ndi 10 basi. Wakhoza."

"Ukawauze bambo anga zimenezo. Iwo amawerenga nambala yoyamba, yachiwiriyo alibe nayo ntchito."

Ndinapita kwa aporofesa kukapempha kuti tibwezere zakale. Anakana. Adiretori atumiza kale lipoti loti sukulu yapita patsogolo, ndiye kuchotsa virigula n'kubwerera m'mbuyo, n'zamanyazi. Koma kuwonjezera chatsopano, chimenecho amalola nthawi iliyonse, ndipo amasindikizanso pauta mokondwa.

Ndiye mawa ndilawirira kuchipinda cha kompyuta anyamata asanalande mpando. Ndikawonjezera lamulo lina lamakono kwambiri, loti nota iliyonse kuyambira 9,5 mpaka 9,9 izituluka 10,0. Adiretori virigula yawo aionabe, ndipo Lachisanu bambo a mnzanga adzawerenga nambala yoyamba n'kubwerera ku Chimbonila okha.