Chilembo Chimodzi Chokha

Anzanga, Lawson ndinakumana naye pa 6 July, Amalawi a mu Nairobi titasonkhana pabwalo la tchalitchi china ku Lavington. Ine ndinali nditabisala pakona ndi buku la SAT, mayeso olowera mayunivesite a ku America, poti kwathu ku Umoja mahutala a maminibasi, omwe kuno amati matatu, sakupatsa mpata wowerenga.

"Nawenso ukufuna America eti?" anatero, Chichewa chake chokhotakhota ngati cha mzungu wa mishoni.

"Ukufunsa kapena ukunyoza?"

Anaseka, nanenso ndinaseka. Basi ndinagwa pomwepo ine Ndaziona, mwana wa mayi wamasiye!

Lawson amaphunzira pasukulu ya ana a mabwana, ija yokhala ndi swimming pool. Kumeneko kuli mayi wina, amati counselor, ntchito yake ndi yolowetsa ana m'mayunivesite akunja. Oimira mayunivesitewo amabwera okha pasukulupo kudzamwa tiyi. Kwathu ku day school, aphunzitsi ondilembera kalata ya recommendation anachita kundifunsa kuti, "Yunivesite imeneyi ili dziko liti?"

Komatu magiredi ndinkamuposa, ndipo iye amadziwa.

Tonse tinkafuna yunivesite imodzi, yomwe imalipirira zonse mwana wosauka akangolowa. Kwa Lawson inali imodzi mwa zambiri. Kwa ine inali khomo lokhalo.

Loweruka lililonse amakwera matatu kudzandiona. Mwana wa ku Lavington kupanikizana ndi matumba a ndiwo zamasamba za sukuma chifukwa cha ine! Mu Nairobi muno ndinalibe mnzanga wapamtima, ndiye ndinamukonda mopanda mabuleki.

Tsiku lina anafika nkhope ili gwaa.

"Counselor wakana essay yanga yofunsira malo kuyunivesite. Akuti pasukulu pathu aliyense ali ndi ma A, aliyense amaimba piyano. Akufuna nkhani yogwira mtima. Iwe ukulemba chiyani, babe?"

Ndinamuuza zomwe sindinauzepo munthu.

Bambo anga anamwalirira konkuno ndili Form One, ndipo tinawaika konkuno. Kwathu kumudzi maliro akatha, m'mawa mwake abale amasonkhana kusesa pakhomo, kuti achotse phulusa ndi zinyalala za pamaliro. Ife tinalibe wachibale konkuno. Ine ndi mayi tinatenga tsache limodzi, tikulandizana, kusesa masitepe a flat kuchoka pamwamba mpaka pageti, anthu akutilambalala kuthamangira kuntchito.

"Mwambowo mumautcha chiyani?" anafunsa.

"Kusesa."

Anandikumbatira, ine n'kumalira pachifuwa pake. Ndinkati ndapeza wondimvetsa...

Mu December anandiimbira akukuwa. "Anditenga kuyunivesite ija! Early decision!"

Early chiyani? Anzanga, ine sindinkadziwa n'komwe kuti kuli khomo lina lotseguka mu November, loti ukalowera kumeneko mwayi umakula. Kusukulu kwawo mwana aliyense amalidziwa. Ine ndinkadikira January, essay yanga ili m'manja. Lawson sananditsineko khutu ngakhale kamodzi.

Ndinapita kuphwando lomusangalalira kwawo ndi diresi langa la kutchalitchi.

Anthu atadya, mayi ake anaimirira. "Lawson, tawerenga essay ija alendo amve."

Lawson anandiyang'ana, kenaka anayang'ana pansi. Anayamba kuwerenga za maliro a agogo ake. Tsache limodzi. Masitepe. Iye ndi mayi ake akulandizana.

Mayi akewo amangogwedeza mutu, chonsecho pakhomopo pali antchito awiri osesa.

Kenaka Lawson anawerenga kuti, "In my language, we call this kuseka."

A Dunstan, bambo wachikulire wa kutchalitchi kwathu, anatsamwa ndi Fanta.

"Mwati chiyani achimwene? Kuseka? Pamaliro? Kwanu n'kuti kumene amaseka anamfedwa?"

Nyumba yonse inafa nalo phwete. Ine ndekha ndi amene sindinaseke. Amaseka maliro a bambo anga, iwo osadziwa.

Lawson anandipeza pageti ndikudikira boda, kabaza wa njinga yamoto.

"Ndazi, tamvera. Ndimafuna kukuuza..."

"Ndi kusesa, Lawson. Ndi s. Waba nkhani ya bambo anga, walephera ndi kuilemba komwe?"

"Sorry. Counselor anaikonda kwambiri, sindikanatha kubwerera m'mbuyo."

"Nanga ine nditumize chiyani?"

"Lemba ina, ndiwe wanzeru. Koma iyi usatumize, please. Akaona ziwiri zofanana adzati wina wakopera." Kenaka anawonjezera kuti, "Ndipo sukulu yathu amaidziwa."

Mawu amenewo ndi amene anandipha. Sananame. Pakati pa mwana wa sukulu yomwe amamwako tiyi ndi mtsikana wa ku Umoja, akanakhulupirira ndani?

Ndinalemba ina mothamanga, yonena kuti ndimakonda Biology. Inali yozizira ngati tiyi wadzulo. Mu March yankho linabwera: pepani.

Lawson ananyamuka mu August. Sindinamuperekeze, ndipo nambala yake ndinaibuloka.

Pano ndimathandiza mayi kugulitsa zitenje, madzulo ndimawerenga ndekha kuti ndidzayesenso. Loweruka ndiye limanditalikira, anzanga. Matatu ikaima pageti ndimasuzumirabe pawindo, kenaka n'kudzitukwana ndekha.

Chilonda chako usamachionetse kwa munthu amene akusakasaka nkhani yogwira mtima.

M'mawa uliwonse ndimasesabe masitepe omwe aja. Kwinakwake ku America, mufayilo ya ofesi ina, mwalembedwa kuti pamaliro a bambo anga tinaseka.